Kuchionetsero cha Ndege, Musaiwale Kuyang'ana Pansi

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Amayi amene muli pamoto musatseke wailesi, ndipo ngati m'nyumbamo muli ana asukulu aitaneni adzakhale pafupi, chifukwa nkhani ya lero ndi yawo kwambiri. Tikambirana za chionetsero cha ndege: chimachitikira kuti, kumakhala zotani, ndipo munthu akalowa pachipata ayang'ane chiyani kuti ndalama yake ya tikiti isalowe m'madzi.

Zionetsero si zachilendo kwa ife a kuno ku Blantyre. Bwalo la Trade Fair pa Chichiri lili pakhomo penipeni, moti kuchokera ku Nkolokosa ena timangoyenda wapansi. Tikudziwa mmene zimakhalira bungwe la amalonda la MCCCI likatsegula zipata: uyu wayala mapampu a madzi, uyu mbewu, uyu mipando, ana akulimbirana timapepala taulere. Chionetsero cha ndege chimayendanso motero, kungoti chili pawiri. Mbali yoyamba ndi ya malonda. Makampani opanga ndege, injini, matayala, mawailesi, ngakhale zovala za ozimitsa moto, amayala katundu wawo m'mashedi akuluakulu, ndipo odzaona amakhala akuluakulu a boma, a asilikali ndi a makampani a ndege. Mbali yachiwiri ndi ya tonsefe. Mabanja amayala zitenje pakapinga, ndege n'kumaonetsa luso mumlengalenga.

Zikuluzikulu padziko lonse ndi cha ku Paris, pa bwalo la Le Bourget, chimene mbiri yake inayamba mu 1909, cha ku Farnborough ku England, chimene chimasinthana zaka ndi cha ku Paris, komanso cha ku Dubai. Kumeneko ndi kumene Boeing ndi Airbus amalengeza kuti kampani yakutiyakuti yaoda ndege makumimakumi. Koma thumba la ambirife silingafikeko.

Chachikulu chimene tingachifikire pa basi ndi Africa Aerospace and Defence, mwachidule AAD, chimene chimachitikira pa bwalo la ndege za asilikali la Waterkloof ku Pretoria, kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse, mwezi wa Seputembala. Cha 2024 chinayamba pa 18 n'kutha pa 22: masiku atatu oyamba anali a amalonda, Loweruka ndi Lamulungu a anthu wamba. Njira yake ambiri mukuidziwa, ndi yomwe ija ya ku Joni: Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, ndipo basi imadutsa Pretoria isanafike Johannesburg. Abale athu amene mumatimvera pa intaneti muli ku Mamelodi, ku Tembisa kapena ku Diepsloot, kwa inu ndi ulendo wa tsiku limodzi, kupita m'mawa kubwerera madzulo. Ambiri mwakhala kumeneko zaka, phokoso la majeti mumalimva, koma simunapondeko. Tengani ana mukaone. Kumbukirani kuti ndi malo a asilikali: pachipata amasecha zikwama, ndipo mapepala anu akhale ali bwino.

(PHOKOSO LA JETI IKUDUTSA)

Phokoso limenelo pawailesi likumveka laulemu. Mukakhala pomwepo silithera m'makutu, limagunda pachifuwa, ndipo makutu a mwana wamng'ono akhoza kuwonongeka osabwereranso. Choncho zotsekera m'makutu zikhale zoyamba kulowa m'chikwama, kenako chipewa ndi madzi akumwa, pakuti pabwalo la ndege palibe mtengo woti n'kuusapo.

Mukamva phokoso kumanzere, musayang'ane kumanzereko, ndege yadutsa kale. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye pamene likufika m'khutu mwanu jetiyo yasuntha. Yang'anani kutsogolo kwa phokosolo. Pachionetsero oyendetsa saloledwa kupyola liwiro la phokoso, limene ndi makilomita oposa 1,200 pa ola, chifukwa akapyola kumamveka chiphaliwali chotha kuswa mawindo a nyumba zoyandikira.

Utsi woyera umene ndege zimajambulira mumlengalenga si moto ayi. Ndi mafuta opepuka amene amapoperedwa potulukira mpweya wotentha wa injini. Gulu lodziwika ndi zimenezi ku South Africa ndi Silver Falcons, limene limauluka ndi ndege zophunzitsira za Pilatus PC-7 zopangidwa ku Switzerland. Mukaziona zitandondozana phiko ndi phiko, dziwani kuti woyang'ana kumene akupita ndi mtsogoleri yekha. Enawo maso awo ali pa ndege ya mtsogoleriyo, pa kamalo kamodzi kamene anagwirizana, ndipo sachotsapo diso ngakhale dziko litatembenuzika. Akakhota iye, akhota onse.

Ndiye pali funso limene ana amafunsa, akuluakulu n'kumayankha mozemba: ndege ikatembenuka chagada bwanji siigwa? Phiko limanyamula ndege pokankhira mpweya pansi. Likamathamanga litapendekeka pang'ono, kutsogolo kwake kuli m'mwamba, mpweya umapatutsidwira pansi, phikolo n'kukankhidwira m'mwamba. Ndege ikakhala chagada, woyendetsa amakweza mphuno yake kuloza kumwamba kuti phikolo likhalebe lopendekeka motero, ndipo mpweya umapitirira kugwira ntchito yake. Chimene chimazunzika ndi thupi la munthu. Jeti yankhondo ngati Gripen, yopangidwa ku Sweden, ikakhota mwamphamvu, thupi limalemera mpaka ka 9. Munthu wa makilogalamu 70 amakanikizidwa pampando ngati wa makilogalamu 630, magazi amathawira kumiyendo, maso n'kuchita mdima. N'chifukwa chake amavala thalauza lapadera limene limadzipopa mpweya n'kufinya miyendo ndi mimba kuti magazi asachoke kumutu.

Pakati pa anthu ndi msewu wa ndege pamakhala chingwe kapena mpanda. Ife tili ndi chizolowezi chathu chija, pampira kaya pamsonkhano, chakuti chingwe ndi cha amantha. Kumeneko musayerekeze. Pa 28 Ogasiti 1988, pa bwalo la Ramstein ku Germany, ndege zitatu za gulu loonetsa luso la ku Italy zinawombana, imodzi n'kugwera m'khamu la anthu. Anafa anthu 70. Kuchokera pamenepo malamulo anakhwima: mtunda wa pakati pa anthu ndi ndege unakula, ndipo masewera olunjika kumene kuli anthu analetsedwa m'mayiko ambiri.

Ndinene chimodzi chimene otsatsa malonda sanena. Gawo lalikulu la AAD ndi la zida zankhondo. Helikopita ya Rooivalk, imene South Africa inapanga yokha kudzera ku kampani ya Denel, ndi yokongola ikamavina m'mwamba, koma inapangidwira kuphulitsa akasinja. Mwana akaombera m'manja, muuzeni ntchito yake. Mumuonetsenso helikopita zonyamula anthu, zokhala ndi chingwe chokwezera munthu pambali pa chitseko. Za mtundu umenewo ndi zimene zinatola anthu m'mitengo ndi pamadenga ku Mozambique madzi atasefukira mu 2000, kuphatikizapo mayi amene anaberekera mumtengo. Ifenso sitinaiwale Malichi 2023, namondwe Freddy atagumula phiri la Soche pamwamba pa Chilobwe ndi Manja, pafupi pomwepa. Misewu itaduka ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Nsanje, tinadalira ndege ndi helikopita zimene anatithandiza nazo anzathu a ku Tanzania ndi ku Zambia.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tsopano, omvera, khosi likatopa ndi kuyang'ana kumwamba, asiyeni anzanu akuwe, inu mupite kumene ndege zaimikidwa pansi. Kumeneko ndi kumene kuli sukulu yeniyeni, ndipo ambiri amangodutsako pokajambulitsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambani ndi zilembo za pathupi pa ndege, chakumchira. Zimakuuzani dziko limene ndegeyo inalembetsedwa. Ya ku Malawi imayamba ndi 7Q, ya ku Zambia 9J, ya ku Mozambique C9, ya ku South Africa ZS, ya ku Ethiopia ET. Mwana akaloweza zimenezi, ngakhale pa Chileka adzakhala akukuuzani ndi iye.

Kenako muona timaliboni tofiira tikulendewera apa ndi apo. Si zokongoletsa. Kaliboni kalikonse kamangiriridwa ku chotsekera kapena ku chitsulo chimene chiyenera kuchotsedwa ndege isananyamuke. Kamodzi kamakhala pa kapaipi kakang'ono koloza kutsogolo, pafupi ndi mphuno. Kapaipi kameneko ndi kamene kamayeza liwiro la ndege pogwiritsa ntchito mpweya wolowamo. Kakasiyidwa kosatseka, mavu omanga ndi dothi aja amalowamo n'kumata chisa. Kakaiwalika kali kotseka, woyendetsa amanyamuka osadziwa liwiro lake. Kutsekeka kwa kapaipi kameneka kunagwetsapo ndege zikuluzikulu.

Weramani muone mabawuti a pafupi ndi tayala kapena pa injini. Mudzaona kawaya kopyapyala, kopotedwa bwino, kolowa m'kabowo ka pamutu pa bawuti imodzi n'kukamangidwa pa inzake. Kamapotedwa moti bawutiyo ikafuna kumasuka chifukwa cha kunjenjemera, wayayo amaikokera komanga. Pali munthu amene anapota kawaya kameneko ndi dzanja, wina anabwera kudzayang'ana, ndipo onse anasaina m'buku. M'shedi yokonzera ndege sipanala iliyonse ili ndi malo ake ojambulidwa, ndipo imodzi ikasowa ndege siituluka mpaka ipezeke. Amakaniko athu a m'mphepete mwa msewu, amene bawuti ikatsala mumati inali yapadera, pamenepa ndiye pali kusiyana. Matayala akuluwo samapopa mpweya wamba koma nayitirojeni, mpweya wouma wosathandizira moto, chifukwa mabuleki a ndege amatentha koopsa potera.

Koma chinthu chimene ine ndimachiona chachikulu kuposa zonsezi chimakwana m'dzanja. Ndi kabotolo koonekera m'kati, koyezera mafuta. Ndege isananyamuke, woyendetsa kapena makaniko amalowa pansi pa phiko, amabaya kabotoloko pa kampopi ka pansi pa thanki, timafuta n'kutsikiramo. Kenako amakakweza n'kuyang'ana powala. Ngati muli madzi amaonekera pansi pake, chifukwa madzi ndi olemera kuposa mafuta. Ngati muli zinyalala zimaoneka zikuyandama. Amayang'ananso mtundu, n'kununkhiza. Mafuta a ndege ali pawiri. Ndege za injini ya mapisitoni zimamwa petulo wapadera wotchedwa avgas, amene masiku ano amathiridwa utoto wa buluu. Majeti, komanso ndege zamakono za mapulopela monga Q400 ya Malawi Airlines, zimamwa Jet A-1, m'bale wake wa palafini. Mukadontheza avgas papepala loyera amauma osasiya chizindikiro. Akakhala wosakanikirana ndi wa jeti, papepalapo pamatsala banga.

Chifukwa chimene ndikuchedwera pa kabotolo kameneka chili m'mbiri yathu yomwe.

Pa 4 Epulo 1974, ndege ya mtundu wa DC-4, ya injini zinayi, ya bungwe la Wenela, inanyamuka pa Francistown ku Botswana kulunjika kuno ku Blantyre. Munali anthu 84, ambiri a iwo Amalawi ochokera ku migodi ya ku Joni, atamaliza nthawi yawo, akubwerera kwawo. Itangonyamuka injini zinayamba kutentha ndi kufooka. Oyendetsa anayesa kubwerera pabwalo koma sanafike. Anthu 78 anafa. Ofufuza anapeza kuti petulo wa ndegeyo anali atasakanikirana ndi mafuta a jeti.

Achimwene a kabaza mukudziwa chimene njinga imachita mukagula petulo wa m'zigubu wothiridwa palafini. Poliza imalira bwinobwino, koma mukanyamula munthu pachitunda imayamba kugogoda, kutentha, mphamvu n'kutha. Inu mumatsika n'kukankha. Injini ya ndege ya mapisitoni imachita chimodzimodzi: pansi imalira ngati zonse zili bwino, vuto limaonekera pamene ikufunika mphamvu zake zonse, ndipo nthawi imeneyo ndi ya kunyamuka, ndege ili yodzaza, nthaka ili pafupi.

Ngozi imeneyi inasintha dziko lino. Dr Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu ntchito m'Malawi, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna oposa 100,000 anabwerera kuchokera ku migodi. Kulemba kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma chiwerengero sichinafikenso pakale. M'makomo ambiri muno mu Blantyre, ku Mulanje, ku Dedza mpaka ku Mzimba, muli agogo amene moyo wawo unakhota chaka chimenecho. Afunseni akuuzani. Ndipo chimene chinayambitsa zonsezi sichinachitikire mumlengalenga. Chinachitikira pansi, pa thanki ya mafuta. Lero mukayang'ana galimoto yothira mafuta pabwalo la ndege muona zizindikiro zakuda za Jet A-1 ndi zofiira za avgas, ndipo kukamwa kwa paipi ya mafuta a jeti kunakulitsidwa dala kuti kusalowe pa thanki ya ndege ya petulo.

Chitsanzo china n'cha posachedwa. Mu Januwale 2019, South African Airways inaimitsa maulendo ake obwera ku Chileka. Ndege zawo zinalibe vuto. Oyendera za chitetezo cha ndege a ku South Africa anapeza kuti mpanda wa bwalo unali woonongeka, moti anthu ndi ziweto zimatha kulowa, komanso galimoto yozimitsa moto ndi ambulansi sizinali zodalirika. Waya ndi galimoto ziwiri zinatseka njira ya ku Johannesburg, amalonda ndi odwala opita kuchipatala n'kumazungulira ku Lilongwe. Anzathu oyandikana ndi bwalo, waya amene wadulidwa kuti akhale khola la nkhuku kapena njira yachidule amatsegulira mbuzi, ndipo mbuzi imodzi pamsewu wa ndege, pamene Boeing 737 ya matani oposa 60 ikuthamanga makilomita 250 pa ola, si nkhani yoseketsa. Dzala la zinyalala pafupi ndi mpanda limaitana akhwangwala, ndipo mbalame ikalowa mu injini imathyola timapeni ta m'katimo.

Bala la pa 10 Juni 2024 likadali laliwisi, pamene ndege ya asilikali ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa nyengo itaipa, ndipo tinataya Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Sindifuna kuliputa. Ndingotchula chimodzi chimene ofufuza a ku Germany analemba: kachipangizo kamene kamayenera kulira ndege ikagwa, kuti ofunafuna adziwe pamene ili, batire lake linali litapitirira nthawi kalekale. Sikanagwetse ndegeyo ndi kameneko, koma dziko linagona usiku wonse likufunafuna. Mukafika pa tebulo la kampani yogulitsa tizipangizo totere, tachikasu kapena tofiirira, musadutse ngati palibe kanthu.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tilowe m'mashedi a malonda. Pa masiku a amalonda munthu wamba salowa chisawawa, amafuna kulembetsa, koma pa masiku a anthu onse matebulo ambiri amakhalapobe, ndipo ogulitsa amakhala atamasuka, alibenso nduna yoti aithamangire. Ndiyo nthawi yofunsa. Safunsa anadya phula.

Mukamvetsera zimene ogula enieni amafunsa, mtengo wa ndege umabwera kumapeto. Amayamba ndi zakuti: zipangizo zosinthira zimachokera kuti, ndipo zimatenga masiku angati? Amakaniko athu akaphunzira kuti? Imamwa mafuta ochuluka bwanji pa ola? Kunja kukatentha inganyamuke ndi katundu wochuluka bwanji pa msewu wathu? Funso lomalizali ndi lathu kwambiri. Mpweya wotentha, komanso wa malo okwera, umakhala wopepuka, ndiye phiko ndi injini zimapeza pogwira pochepa. Msewu waukulu wa pa Chileka ndi wa makilomita awiri ndi pang'ono, pamene wa pa Kamuzu ku Lumbadzi umaposa makilomita atatu. N'chifukwa chake ndege zikuluzikulu zimakonda ku Lilongwe.

Dziko lino linaphunzira zimenezi movutikira. Air Malawi, imene inayamba mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways n'kuima payokha mu 1967, inagula ndege yaikulu ya VC10 mu 1974 n'kumauluka kuchokera pa Chileka mpaka ku London. Achikulire amaikumbukira ndi kunyada, ndipo n'zoona kuti inali yokongola, injini zake zinayi zili kumchira. Koma ndege imodzi yokha ya mtundu wake, yomwa mafuta kwambiri, ikadwala panalibe inzake yoilowa m'malo. Pofika 1979 inasiya ntchito, ndipo inathera pa Chileka pomwepo, itakhala zaka zambiri padzuwa isanaphwasulidwe. Air Malawi yeniyeniyo inatsekedwa mu 2013. Kampani ya lero, Malawi Airlines, inayamba kuuluka mu Januwale 2014, boma lili ndi magawo 51 pa 100, Ethiopian Airlines 49. Ena zimawawawa kuti tinafuna mnzathu wotigwira dzanja. Ine ndimati chimene tinagula kwa a ku Ethiopia si ndege zokha, koma shedi yawo yokonzera, nkhokwe ya zipangizo ndi sukulu yawo ya ku Addis Ababa. Funso loyenera kufunsa boma ndi lakuti ana athu angati akudutsa m'sukulu imeneyo.

Achinyamata inu, pamenepa ndi panu. Mwana aliyense akafunsidwa amati ndidzakhala woyendetsa ndege, ndipo n'zotheka. Yolanda Kaunda anakhala mayi woyamba wa ku Malawi kufika pa ukaputeni mu 2016, ndipo mu Malichi 2017 anatsogolera ulendo wa ku Dar es Salaam umene ogwira ntchito m'ndegemo anali amayi okhaokha. Koma tisanamizane, sukulu yake ndi yodula. Laisensi yoti ulembedwe nayo ntchito imafuna maola pafupifupi 200 uli m'mwamba, ndipo ola lililonse ndi ndalama. Ya ukaputeni wa ndege zazikulu imafuna maola 1,500. Makolo, mukafika pa tebulo la sukulu yotere, musatengeke ndi zithunzi za ana ovala mayunifolomu. Funsani ngati laisensi yawo imavomerezedwa ndi oyang'anira za ndege kuno kwathu, ngati mtengo umene akutchulawo ukuphatikiza maola onse, mayeso ndi malo ogona, komanso chimachitika n'chiyani mwana akalephera gawo lina. Ndipo musanalipire tambala iliyonse, mwana akayezedwe kaye kwa dokotala wovomerezeka wa za ndege. Alipo amene anagulitsa puloti kenako n'kumva kuti mwana sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira.

Koma kumbuyo kwa anthu awiri okhala kutsogolo kwa ndege kuli gulu lalikulu. Kuli wa pansanja amene amalola ndege kutera, wa zanyengo, wozimitsa moto, wothira mafuta, wowerengera kulemera kwa katundu kuti ndege isalemere kumchira, wamagetsi amene amasamala nyali za pamsewu wa ndege ndi mawailesi, ndi makaniko uja wopota waya. Zina mwa ntchitozi zimaphunzitsidwa ku sukulu ya za ndege ku Lumbadzi, zina ku ZASTI ku Lusaka, zina ku Nairobi ndi ku Addis Ababa. Maziko ake mukhoza kuwayamba pompano: uinjiniya ku MUBAS pa Chichiri, zamagetsi ndi umakaniko ku Soche Technical. Pa MSCE limbikirani masamu, fizikisi ndi jogalafe. Chingerezi musachinyoze, pakuti ndicho chimalankhulidwa pawailesi ya ndege zodutsa malire, ndipo mabuku onse okonzera ndege ali m'chinenero chimenecho.

Khomo lapafupi kwambiri masiku ano ndi la ma drone, tindege topanda munthu m'kati. Pachionetsero chilichonse malo awo akukulirakulira, ndipo pa ichi chokha Malawi sali kumbuyo. Mu 2016 UNICEF inayesa kunyamula magazi oyeza HIV a makanda pa drone ku Lilongwe. Mu Juni 2017 boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeseramo ma drone ku Kasungu, lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la kumeneko, ndipo makampani a kunja anabwera kudzayesera zipangizo zawo kuno. Mu Januwale 2020 kunatsegulidwa African Drone and Data Academy, mogwirizana ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America ndi MUST ya ku Thyolo, kumene achinyamata amaphunzira kupanga drone, kuiulutsa ndi kuwerenga zithunzi zimene yajambula. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa ma drone anyamulapo mankhwala kupita kuzipatala zovuta kufikako. Ine ndikanakonda kuti okonza Trade Fair apatule shedi yathunthu ya zimenezi, mainjini akale a ndege otsegulidwa pakati aikidwe poti ana aziwagwira, ozimitsa moto a pa Chileka abwere ndi galimoto yawo. Sizifuna jeti yankhondo kuti mwana wa ku Nkolokosa atengeke mtima. Inu ojambula maukwati amene mwagula ma drone, dziwani kuti ali ndi malamulo ake, ndipo kufupi ndi bwalo la ndege saulutsako.

Aphunzitsi, musadikire Pretoria. Chileka ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera m'tauni, kudzera ku Chirimba ndi pa Kameza. Lembani kalata kwa oyang'anira bwalo nthawi ikadalipo, mutchule chiwerengero cha ana ndi kalasi yawo, ndipo mupemphe mwachindunji kuti akaone ozimitsa moto, ofesi ya zanyengo ndi kathiridwe ka mafuta. Musangofika ndi basi pachipata, ndi malo otetezedwa, ndipo musajambule musanaloledwe. Mwana aliyense apite ndi kope ndi funso limodzi lolemberatu.

Sabata yamawa tidzakhala pa nkhani ya zanyengo: mmene amayezera mphepo ndi kutalika kwa mitambo, ndi chifukwa chimene chiperoni chikatsika ndege ina imazungulira m'mwamba kapena kubwerera kumene yachokera. Amene muli ndi mafunso tumizani uthenga pa nambala yathu ya masiku onse, mutchule dera limene mukutimvera.

(NYIMBO YOTSEKERA)